Mphemvu ya Kuphiri Yomwe Imadumpha Ngati Chiwala

Palibe mayi wapanyumba amene angamwetulire akamva dzina loti mphemvu. Tonsefe tikuidziwa bwino. Ukadzuka pakati pa usiku n'kuyatsa nyali kukhichini, umangoona zili balalabalala, ina kuthawira kuseri kwa kabati, ina kutuluka mumphika wa ndiwo zotsala, ina kutsika pa mthiko umene mwana adaiwala kutsuka. Makolo athu adaiona kalekale khalidwe lakeli, n'chifukwa chake munthu wongodalira zotsala za ena amamutcha mphemvu mdyerakumthiko.

Koma lero, awerengi athu, tikufuna tikutulutseni kukhichiniko. Akatswiri a tizilombo adalemba kale mitundu ya mphemvu yokwana pafupifupi 4,600 pa dziko lonse lapansi. Mwa mitundu yonseyi, imene imakhala m'nyumba za anthu ndi pafupifupi 30 yokha, ndipo yotisautsa kwenikweni tingathe kuiwerenga ndi zala za dzanja limodzi. Ina yonseyo ndi ya kutchire. Imakhala pansi pa masamba ouma, m'zipika zoola, m'mapanga ndi pamwamba pa mapiri, ndipo imabadwa n'kufa osalawako nsima ya munthu. Nkhani yathu ndi ya imodzi mwa mphemvu za kutchirezi, imene idapatsidwa dzina m'chaka cha 2010. Tifuna tione momwe akatswiri amadziwira kuti kachilombo kamene agwira n'kachilendo, momwe amakapezera achibale, ndiponso chifukwa chimene anthu ophunzira amathera zaka zambiri pa ntchito yooneka ngati yachibwanayi.

Phiri la pakati pa mzinda

Abale athu ambiri amene adapita kukagwira ntchito ku Cape Town, m'dziko la South Africa, akulidziwa phiri la Table Mountain. Pamwamba pake ndi pathyathyathya ngati tebulo, ndipo nsonga yake yaitali ili pa mamita 1,086 kuchokera pa nyanja yamchere. Mapiri ake amapitirira chakumwera, ndipo kumeneko kuli chigawo chotchedwa Silvermine, chimene msewu wa Ou Kaapse Weg umadutsa pakati pake. Dzinali lidadza chifukwa m'zaka za m'ma 1600 Azungu a ku Holland adakumba kumeneko kufunafuna siliva, koma adabwerako chimanjamanja. Lero malowa ali m'nkhalango yotetezedwa ya Table Mountain National Park, imene idakhazikitsidwa m'chaka cha 1998.

Paphiripa pamamera tchire lamtundu wakewake lotchedwa fynbos. Ndi zitsamba zazifupi za masamba ang'onoang'ono olimba, zosakanizika ndi udzu wonga mlulu. Chigawo chonse cha Cape chili ndi mitundu ya zomera pafupifupi 9,000, ndipo yoposa theka siipezeka kwina kulikonse. Kaamba ka ichi, akatswiri a zachilengedwe akhala akukwera phirili kwa zaka mazanamazana. Carl Peter Thunberg wa ku Sweden adayendayenda ku Cape kuyambira 1772 mpaka 1775 akutola zomera ndi tizilombo, ndipo m'chaka cha 1784 adalemba za mphemvu yaikulu ya m'mapiri a kumeneko, imene lero imatchedwa Aptera fusca. Yaikazi yake ilibe mapiko, imabereka ana amoyo, ndipo ukaigwira imalira n'kutulutsa madzi onunkha odetsa m'manja. Munsi mwa phiri lomweli muli University of Cape Town. Munthu akadatha kunena kuti paphiri loyendedwa chotere palibenso chotsala choti n'kupeza.

Komatu chidalipo. Mike Picker, mphunzitsi wa za tizilombo pa yunivesiteyi, ndi mnzake Jonathan Colville, ankasesa udzu wa ku Silvermine ndi ukonde wogwirira tizilombo pamene adaona kanthu kosapitirira sentimita imodzi kutalika kwake, kopanda mapiko, ka miyendo yakumbuyo yaitali ndi yonenepa. Kankayenda masana dzuwa likuswa mtengo, kali tsokotsoko kuchoka pa phesi lina kupita pa lina, pakati pa ziwala zimene zimakhala m'udzu momwemo. Aliyense wodutsa akadangoti ndi mwana wa chiwala n'kupitiriza ulendo wake. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Anthu awiriwa adadekha, ndipo adaona kuti thupi la kanthuka ndi la mphemvu.

Chiwala kapena mphemvu?

Funso loyamba limene katswiri amafunsa akagwira kachilombo kachilendo ndi lakuti, kodi kali m'gulu liti? Pamenepa sayang'ana kayendedwe kokha ai, chifukwa zolengedwa zosiyana kwambiri zikhoza kuyenda mofanana. Mleme umauluka koma si mbalame. Iye amayang'ana mamangidwe a thupi.

Mphemvu ili ndi zizindikiro zake. Thupi lake ndi lophwathalala. Kuseri kwa mutu kuli chikamba chonga chishango, ndipo mutuwo umaweramira pansi. Tinyanga take n'tatitali ngati ulusi. Potulukira miyendo pali zikamba zazikulu zogundana pansi pa chifuwa. Phazi lake, ukaliika pansi pa galasi lokuza zinthu, lili ndi timfundo tisanu, pamene phazi la chiwala lili ndi titatu tokha. Yaikazi siikira mazira limodzilimodzi koma imawamanga pamodzi m'kathumba kolimba. Amayi ambiri adakaonapo kathumbaka posesa kuseri kwa kabati, kofiirira, konga njere ya nyemba. Kanthu ka ku Silvermine kaja kadali ndi thupi la mphemvu ngakhale kadali ndi miyendo ya chiwala.

Pali msampha wina umene katswiri ayenera kuulewa. Ana a mphemvu amabadwa opanda mapiko, ndipo mapikowo amamera akafundula kotsiriza. Tsono ukagwira mphemvu yopanda mapiko, uyenera kutsimikiza ngati ili yaikulu kale kapena ndi mwana wa mtundu wina wodziwika. Pakhala pakuchitika kuti katswiri wina watcha yaimuna dzina lina, wina n'kutcha yaikazi ya mtundu womwewo dzina linanso, chifukwa m'mitundu yambiri ya mphemvu mwamuna ndi mkazi amasiyana maonekedwe, monga taonera pa Aptera fusca imene yaimuna yake ili ndi mapiko. Motero sikokwanira kugwira imodzi. Pamafunika zazimuna, zazikazi ndi ana omwe.

Ntchito ya pa maikulosikopu

Kudziwa kuti ndi mphemvu ndi chiyambi chabe. Chotsatira n'kufufuza ngati palibe munthu wina, ku dziko lina, m'chaka china, amene adailemba kale. Pamenepa safunsa adadya phula. Picker ndi Colville adagwirizana ndi akatswiri awiri a ku Germany odziwa bwino za mphemvu, Horst Bohn wa ku Munich ndi Klaus-Dieter Klass wa ku Dresden.

Ntchito yotere imachitika munthu atakhala pansi, diso lili pa maikulosikopu, kwa miyezi yambiri. Tizilombo timasungidwa m'timabotolo ta spiriti kapena kubayidwa pa singano n'kuumitsidwa. Katswiri amayeza utali wa thupi, wa mwendo uliwonse ndi mpata wa pakati pa maso. Amawerenga timinga ta pa ntchafu ya mwendo wakutsogolo, popeza ndandanda wa timingati umasiyana m'magulu a mphemvu. Amatembenuza yaimuna n'kuyang'ana pamsana, pamene mitundu yambiri ili ndi timaenje totulutsa timadzi tokopa yaikazi, ndipo malo ndi maonekedwe a timaenjeti amasiyana mtundu ndi mtundu.

Koma umboni waukulu umachokera ku ziwalo zoberekera za yaimuna. Katswiri amadula nsonga ya mimba, kuiviika m'mankhwala osungunula mnofu kuti patsale tizikamba tolimba tokha, kenaka n'kutijambula kamodzikamodzi. Pa mphemvu, ziwalozi sizifanana kumanja ndi kumanzere. Pali kachiwalo konga mbedza kamene m'magulu ena kamakhala kumanzere, m'magulu ena kumanja, ndipo kusiyana kotereku kumathandiza kuona kuti mphemvuyo ili m'banja liti. Mitundu iwiri ikhoza kufanana kunjaku ngati mapasa, koma ukaona tizikambati umapeza kuti ndi iwiri ndithu. Zojambulazo amazifanizira ndi za m'mabuku akale ndiponso ndi mphemvu zosungidwa m'nyumba zosungiramo zachilengedwe, zimene ena amati myuziyamu. Pokhapokha ataona kuti palibe yofanana nayo ndi pamene angalimbe mtima kunena kuti apeza mtundu watsopano.

Dzina lili ndi malamulo ake

M'chaka cha 2010 anthu anayiwa adasindikiza zomwe adapeza m'magazini ya sayansi yotchedwa Arthropod Systematics & Phylogeny, ndipo mphemvuyo adaitcha Saltoblattella montistabularis. Lilime likhoza kupindika potchula dzinali, koma tanthauzo lake n'losavuta. M'Chilatini, mau oti salto akunena za kudumpha, blattella ndi kamphemvu, ndipo montistabularis akutanthauza kuti ka ku Table Mountain. Dzina lonse likungoti kamphemvu kodumpha ka ku Table Mountain.

Mchitidwe wopatsa cholengedwa chilichonse maina awiri adaukhazikitsa ndi Carl Linnaeus, mphunzitsi wa Thunberg uja, ndipo maina a nyama amawerengedwa kuyambira pa buku lake la Systema Naturae losindikizidwa kakhumi m'chaka cha 1758. Dzina loyamba lili ngati mfunda, monga Phiri kapena Banda, umene anthu ambiri apachibale amagawana. Lachiwiri ndi la mtundu umodzi wokhawo. Mifunda yoyandikana imapanga banja, ndipo mabanja amapanga gulu lalikulu, limene kwa mphemvu limatchedwa Blattodea. Mphemvu ya ku Silvermine idali yosiyana kwambiri ndi zina zonse kotero kuti siidalowe mu mfunda uliwonse wakale. Adachita kuiyambitsira mfunda wakewake.

Kutcha dzina sikuchitika mwachisawawa. Pali buku la malamulo limene akatswiri a nyama a maiko onse amatsata. Dzina liyenera kulembedwa m'zilembo za Chilatini ndi kusindikizidwa poyera pamodzi ndi kufotokoza kwa zimene zikusiyanitsa mtunduwo ndi ina. Dzina la mfunda limene lidapatsidwa kale kwa nyama ina silingagwiritsidwenso ntchito. Anthu awiri akatcha mtundu umodzi maina awiri, dzina loyamba kusindikizidwa ndilo limapambana. Ndipo wolembayo ayenera kusankha kachilombo kamodzi, kotchedwa holotype, n'kunena kumene kasungidwa. Kameneka ndiko mboni ya dzinalo. Pakabuka mkangano patapita zaka 100, anthu amabwerera kwa mboniyo kukaona chimene wolembayo ankanena.

Lamulo lakuti dzina loyamba silisintha lili ndi zoseketsa zake. Mphemvu yaikulu yofiirira ya m'zimbudzi ndi m'mipope imatchedwa Periplaneta americana, koma kwao kwenikweni si ku America. Idachokera mbali yathu ino ya Africa ndi maiko oyandikana nawo, ndipo idaoloka nyanja m'zombo. Yaing'ono ya m'makabati, Blattella germanica, imene Linnaeus adaitcha dzina mu 1767, si ya ku Germany. Kafukufuku wa chaka cha 2024 adaonetsa kuti idachokera ku mphemvu ya kutchire ya ku India ndi Myanmar zaka pafupifupi 2,100 zapitazo. Mainawa ndi olakwika pa za kwao, koma amasungidwa kuti anthu a maiko onse azimvana akamakamba za kachilombo kamodzi.

Mwendo wonga legeni

Dzina litapezeka, anthu ena adatha kuyamba kufunsa mafunso ena. Picker ndi Colville adagwira ntchito ndi Malcolm Burrows wa ku University of Cambridge, katswiri wa kadumphidwe ka tizilombo, ndipo zotsatira zake zidatuluka m'magazini ya Biology Letters mu 2012. Adapeza kuti pa maulendo 100 aliwonse amene mphemvuyi imasuntha kutchire kwao, 71 imachita kudumpha. Miyendo yake yakumbuyo ndi yotalika kawiri kuposa inayo, ndipo imalemera gawo limodzi mwa magawo khumi a thupi lonse. Ikadumpha bwino imafika pa mtunda wotalika ka 48 kuposa thupi lake, ndiye kuti pafupifupi masentimita 35. Munthu wamkulu atati achite chimodzimodzi, ndiye kuti wadumpha mamita 80 kamodzi n'kamodzi, kutsala pang'ono kumaliza bwalo la mpira.

Chinsinsi chake anyamata osaka mbalame achimva msanga. Mnofu pawokha sungathe kuongola mwendo mofulumira chotero. Mphemvuyi imayamba yapinda mwendo, msongolo n'kulowa m'kangalande ka pa ntchafu. Kenaka mnofu umakoka kwa kanthawi mwendo usadasunthe, monga momwe mnyamata amakokera mphira wa legeni mwala uli m'chikopa. Pa bondo pali chinthu chotanuka chotchedwa resilin. Ikamasula, mphamvu yonse imatuluka nthawi imodzi, ndipo m'gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi imakhala itanyamuka kale pa liwiro la mamita 2.1 pa sekondi. Maso ake ndi otong'oka ngati a chiwala, osiyana ndi maso ophwathalala a mphemvu zina, ndipo tinyanga take tili ndi pogwirira pena poonjezera kuti tisagwedezeke podumpha.

Ziwala zimadumpha m'njira yomweyi, koma si achibale apafupi a mphemvu. Kufananaku kwadza chifukwa onse awiri amakhala m'malo amodzi, pakati pa mapesi oimirira pamene kuthamanga sikuthandiza kwenikweni. Paja adati tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Mphemvuyi isadapezeke, mphemvu yodumpha inkadziwika kuchokera ku zotsalira zosindikizika m'miyala ya nyengo yakalekale yotchedwa Jurassic basi. Mu 2011 bungwe la International Institute for Species Exploration la ku Arizona State University lidaiika pa mndandanda wa zolengedwa khumi zochititsa chidwi mwa zimene zidalembedwa chaka chapitacho.

Achibale ake ndani?

Kupereka dzina ndi theka la ntchito. Theka lina ndi kupeza malo ake pa mtengo wa chibale. Poyamba olembawo adaiika m'banja la Blattellidae, momwe mulinso mphemvu yaing'ono ya m'makabati ija. Masiku ano akatswiri ali ndi mboni ina yoonjezera pa maso awo, imene ndi DNA, malangizo a chibadwa amene ali m'maselo a cholengedwa chilichonse. Amatenga kamnofu ka mwendo, kuwerenga zigawo zingapo za DNA, n'kuzifanizira pa kompyuta ndi za mphemvu zina. Zimene zikufanana kwambiri ndiye kuti makolo awo adasiyana posachedwa. Mu 2012 Marie Djernæs ndi anzake adachita zimenezi ndipo adapeza kuti achibale apafupi a mphemvu yodumphayi ndi a kagulu kotchedwa Ectobiinae, momwe muli timphemvu ta kutchire timene tambiri timapezeka ku Ulaya ndi muno mu Africa.

DNA yathandizanso pa mphemvu zina za kumapiri zimene maso adalephera kuzilekanitsa. M'nkhalango za m'mapiri a Appalachian ku America, ndiponso m'mapiri a ku China, Korea ndi kum'mawa kwa Russia, muli mphemvu zakuda zopanda mapiko za mfunda wa Cryptocercus. Zimakhala m'kati mwa zipika zoola, zimadya mtengo, ndipo bambo ndi mayi amalera ana awo limodzi kwa zaka zingapo. Popeza siziuluka, za phiri lina sizikumana ndi za phiri lina, ndipo pakapita nthawi yaitali zimasanduka mitundu yosiyana ngakhale kunjaku zikufanana. Kwa zaka zoposa 100 anthu ankayesa kuti za ku Appalachian zonse ndi mtundu umodzi, umene udalembedwa mu 1862. Koma mu 1999, atawerenga timitolo ta chibadwa ta m'maselo ndi kuyeza DNA, akatswiri adalengeza mitundu ina itatu kuchokera m'gulu lomwelo. Ku China nako mitundu yatsopano ya Cryptocercus yakhala ikulembedwa kuchokera m'mapiri a Yunnan ndi Sichuan.

Tsono gwirani mtima, chifukwa apa nkhani yafika m'mbale mwathu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1930 zidadziwika kuti m'matumbo a Cryptocercus muli tizilombo tosaoneka ndi maso togaya mtengo, tofanana ndi ta m'matumbo a mitundu ina ya chiswe. Mu 2007 Daegan Inward, George Beccaloni ndi Paul Eggleton a ku Natural History Museum ku London adaonetsa ndi umboni wa DNA kuti chiswe ndi nthambi ya m'kati mwa mtengo wa mphemvu, ndipo wachibale wake wapafupi ndi Cryptocercus yemweyu. Lero mitundu pafupifupi 3,000 ya chiswe imawerengedwa m'gulu la Blattodea. Ndiye kuti ngumbi zimene timatola pa chulu mvula ikagwa, n'kuzikazinga ndi kamchere, zili pa chibale ndi mphemvu. Tisataye mbale ai. Chibale chake n'chakutali, cha zaka mamiliyoni oposa 100, ndipo ngumbi siidalowepo m'chimbudzi cha munthu. Koma taonani kumene mphemvu ya m'chipika cha kuphiri yatifikitsa.

Phindu lake n'chiyani?

Wina afunsa kuti, anthu akuvutika ndi njala ndi matenda, nanga kuwerenga timinga ta pa mwendo wa mphemvu kutithandiza chiyani? Funsoli n'lomveka, ndipo tiyesa kuliyankha.

Choyamba, mphemvu za kutchire zili ndi ntchito. Zimadya masamba ogwa ndi mitengo yoola n'kuzibwezera m'nthaka ngati manyowa, ndipo izo zomwe ndi chakudya cha mbalame, abuluzi ndi achule. Mlimi kapena wa zaumoyo amene sadziwa kusiyanitsa mtundu woononga ndi wosalakwa amathira mankhwala pena paliponse, kutaya ndalama ndi kupha zomuthandiza.

Chachiwiri, chinthu chopanda dzina sichingatetezedwe. Boma silingachilembe m'malamulo, woyang'anira nkhalango sangachiwerenge, ndipo chikatha palibe amene angadziwe kuti chatha. Tizilombo tolembedwa kale tilipo mitundu pafupifupi miliyoni imodzi, koma kuyerekeza kwa katswiri Nigel Stork kwa mu 2018 kukuti yonse ingafike 5.5 miliyoni. Yambiri mwa yosalembedwayo ili m'malo ang'onoang'ono monga nsonga za mapiri. Phiri lili ngati chilumba. Pamwamba pake pamazizira ndipo pamagwa nkhungu, pamene munsi mwake n'motentha, kotero kachilombo kopanda mapiko sikangatsike kukafuna phiri lina zinthu zikavuta.

Pamene inkalembedwa, mphemvu yodumpha ija inkadziwika kuchokera ku Silvermine kokha. M'mwezi wa Marichi 2015 moto waukulu udabuka chakumtunda kwa Muizenberg ndipo udayaka masiku angapo, kutentha mahekitala zikwizikwi kuphatikizapo Silvermine. Fynbos ndi tchire lozolowera moto, ndipo mbeu zake zina sizimera popanda moto kudutsa. Choopsa ndi moto wobwera pafupipafupi, kapena wotentha mopitirira chifukwa cha mitengo yachilendo monga paini imene idalowerera paphiripo. Popeza mphemvuyi ili ndi dzina ndi chithunzi m'mabuku, oyang'anira malowa akhoza kubwerera moto ukapita n'kukaifunafuna. Ikadapanda kulembedwa sakadadziwa n'komwe choti afunefune.

Ku Guinea, kumadzulo kwa Africa, Louis Roth ndi Piotr Naskrecki adalemba mu 2004 za mphemvu yotchedwa Simandoa conserfariam, imene idapezeka m'phanga limodzi m'mapiri a Simandou. Mapiri amenewa ali ndi miyala yachitsulo yochuluka zedi ndipo kuli migodi ikuluikulu. Lero mphemvuyi imadziwika kwambiri kuchokera m'mabokosi a anthu oweta tizilombo ku maiko akutali ndi kwao.

Ngakhale mboni zosungidwa zija sizili pa mtendere nthawi zonse. Usiku wa pa 2 Sepitembala 2018 moto udatentha National Museum ya ku Rio de Janeiro, m'dziko la Brazil, ndipo tizilombo tosungidwa pafupifupi 5 miliyoni tidapsa, pamodzi ndi ma holotype ambiri. Ntchito ya mibadwo ingapo idasanduka phulusa usiku umodzi. N'chifukwa chake masiku ano akatswiri amajambula mboni zawo mwatsatanetsatane, kusunga DNA yake pa kompyuta, ndi kugawa zinzake m'nyumba zosungira zingapo.

Mapiri athu nawo ndi zilumba

Zimene tanena za Table Mountain zikukhudzanso mapiri a kwathu kuno. Phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, lili ndi mkungudza ndi mitundu ya abirimankhwe yosapezeka kwina. Kutsidya kwa malire ku Mozambique, katswiri Julian Bayliss adaona nkhalango ya phiri la Mabu pa zithunzi za Google Earth mu 2005, ndipo maulendo otsatira adatulukira njoka, abirimankhwe ndi agulugufe amene adali asadalembedwepo. Mu 2024 iye ndi anzake adasindikiza kafukufuku wonena kuti mapiri pafupifupi 30 a kumwera kwa Malawi ndi kumpoto kwa Mozambique ali ndi mitundu 127 ya zomera ndi 90 ya nyama yopezeka kumeneko kokha, ndipo kuti chichokere chaka cha 2000 nkhalango zake zachilengedwe zatha ndi magawo 18 pa 100 aliwonse. Ngati phiri la pakati pa mzinda wa Cape Town, loyendedwa ndi akatswiri kwa zaka zoposa 200, lidabisa mphemvu yodumpha mpaka dzulodzuloli, tingayembekezere zotani pansi pa masamba a ku Mulanje, Zomba ndi Mangochi? Munthu woyatsa tchire paphiri pofuna mbewa sadziwa zonse zimene akutentha.

Tisamvane molakwa. Mphemvu ya m'nyumba siyenera chifundo. Imayenda m'zonyansa n'kudzaponda chakudya, ndipo ndowe ndi mafunduluko ake zimadzutsa chifuwa cha mphumu mwa ana. Tsukani mbale ndi mthiko musadagone, vundikirani zotsala, matani ming'alu ya m'zipupa ndipo musasiye madzi ali tayale pansi. Koma mwana wanu akabwera kuchokera kumunda atafumbata kachilombo kachilendo, musafulumire kumukalipira. Mufunseni kuti wakapeza pati, kali ndi miyendo ingati, mapiko alipo kapena ai, ndipo kakusiyana bwanji ndi kamene adakaona dzulo. Mafunso amenewa ndi omwewo amene Picker ndi Colville adayamba nawo ataima m'udzu wa ku Silvermine, ukonde uli m'manja. Mapiri athu akusowa ana otere, amene adzakhale pansi ndi maikulosikopu n'kutilembera maina a zimene zili m'menemo zisadathe.